Thiraki yaikulu ya ku America: ya petulo yekha kapena ya hybrid? Sankhani chonchi

Funso ili ndalimva kokwanira. Pa ukwati, pa maliro, pa chikondwerero cha 6 July pamene Amalawi a kuno ku Indiana timakumana n'kudya nsima limodzi, sipalephera kubwera munthu wondikokera pambali. "Achimwene, inu mumakhalira mathiraki, ndiuzeni zoona, ndigule ya gas kapena ya hybrid?" Ndimayankha nditaimirira, mbale ili m'manja, ndipo ndikafika kunyumba ndimakumbukira kuti chinthu chachikulu ndachisiya osanena. Lero ndakhala pansi kuti ndilembe kamodzi. Wina akafunsanso ndidzangomutumizira izi.

Ine sindigulitsa magalimoto. Ntchito yanga ndi yokonza nyumba: kufolera madenga, kuika mazenera, kukhoma makonde a matabwa. Thiraki ndiye ofesi yanga, mosungira zida mwanga, ndiponso modyera nkhomaliro nyengo yozizira. Zomwe ndilembe pano ndazionera pantchito, zina pa mathiraki anga, zina pa a anzanga.

Tiyambe tamvana mawu. Kuno akati gas akunena petulo, osati gasi wophikira uja wa m'masilinda. Akati full-size pickup akunena Ford F-150, Chevrolet Silverado 1500, GMC Sierra 1500, Ram 1500 ndi Toyota Tundra. Awa ndi aakulu kuposa Hilux, Ranger kapena D-Max zomwe tinazolowera kumudzi. Mafuta amayezedwa m'magaloni, ndipo galoni imodzi ya kuno ndi malita 3.8. Mailo imodzi ndi makilomita 1.6. Mukaona zilembo za mpg, akunena mamailosi omwe galimoto imayenda ndi galoni imodzi, choncho nambala ikakula ndiye kuti galimotoyo imamwa pang'ono. Kulemera amawerenga m'mapaundi, ndipo mapaundi 1,000 ndi makilogalamu 454.

1. Chotsani kaye Aqua m'mutu mwanu

Ambiri a ife mawu oti hybrid tinawadziwira pa Toyota Aqua, Prius ndi Honda Fit zomwe zadzaza ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Timagalimoto timeneti timamwadi mafuta ngati tikuchita kunyambita. Ndiye munthu akamva kuti kuli thiraki ya hybrid, amaganiza kuti ndalama ya mafuta itsika ndi theka. Sizili choncho, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amayambira kulakwa.

Thiraki ya hybrid ili ndi injini ya petulo yaikulu ndithu, kenako pakati pa injiniyo ndi giyabokosi anaikapo mota yamagetsi, yomwe imatenga mphamvu ku batire laling'ono. Mukaponda buleki, motayo imasanduka jenereta n'kumabweza mphamvu mu batire. Mukanyamuka pa maloboti, motayo imakankha kuti injini isavutike. Mukaima, injini imazima. Simuilumikiza ku magetsi a panyumba, imadzitchaja yokha.

Batire la F-150 ya hybrid ndi la 1.5 kWh. Kuti mumvetse kuchepa kwake, ndi magetsi omwe ketulo ya mawati 1,500 ingathe mu ola limodzi. Mota yake ndi ya 35 kW, kutanthauza kuti itati ikoke ndi mphamvu zake zonse, batirelo latha pasanathe mphindi zitatu. Chinthu cholemera matani awiri ndi theka, chokhala ndi chipumi ngati khoma, sichingayende ulendo wautali pa kabatire kotere. Opanga anaika magetsiwo makamaka kuti awonjezere mphamvu yokoka. Kupulumutsa mafuta kulipo, koma n'kwa pang'ono, ndipo kumadalira komwe mumayenda.

2. Dziwani kuti hybrid zake si zofanana

Wogulitsa akati "iyi ndi hybrid", mufunseni kuti ya mtundu wanji, chifukwa dzina limodzi likuphimba zinthu zitatu zosiyana.

Ya Ford amaitcha PowerBoost, ndipo inayamba ndi mathiraki a 2021. Ndi injini ya V6 ya malita 3.5 yokhala ndi matebo awiri, kuphatikiza mota ija. Inatuluka ndi mahosipawa 430 ndi torque ya 570 lb-ft, pomwe injini yomweyo yopanda mota inali ndi 400 ndi 500. Torque ndi mphamvu yopotokola, ija mumaimva kumsana mukanyamuka ndi katundu. Imeneyi ndi hybrid yeniyeni: pa liwiro lochepa imatha kuyenda kanthawi injini itazima.

Ya Toyota amaitcha i-FORCE MAX, inabwera ndi Tundra yatsopano ya 2022 yomwe amapangira ku San Antonio, Texas. Mahosipawa 437, torque 583, pomwe ya petulo yekha ili ndi 389 ndi 479. Batire lake analiika pansi pa mpando wakumbuyo, ndiye malo aja timabisamo zingwe ndi zida zazing'ono amachepa kwambiri. Kwa munthu wa ntchito ngati yanga, chimenecho si chaching'ono.

Ya Ram amaitcha eTorque, inayamba mu 2019. Iyi ndi ya mavoti 48, kamota koyendera lamba komwe kanalowa m'malo mwa alternator, chida chija chimatchaja batire. Ntchito yake ndi kulizanso injini msanga mukaima pa maloboti ndi kuthandiza pang'ono ponyamuka. Siingayendetse thiraki payokha. Ngati mukufuna hybrid chifukwa cha zomwe munamva za PowerBoost, eTorque si imeneyo. Iwerengeni ngati thiraki ya petulo yomwe ili ndi kothandizira.

Chevrolet ndi GMC anayesapo hybrid yeniyeni pa Silverado ndi Sierra kuyambira 2009 mpaka 2013, kenako anaisiya. Mukapita kwa iwo musankha pakati pa injini za petulo, za malita 2.7, 5.3 ndi 6.2, kapena ya dizilo ya malita 3.0.

3. Lembani sabata yanu yeniyeni, osati ya m'maloto

Musanapite kwa ogulitsa, tengani kope. Kwa masabata awiri lembani komwe mwapita, mamailosi angati, ndipo ndi angati mwa amenewo omwe anali a m'tauni, oima-ima pa maloboti, ndi angati a pa msewu waukulu. Lembaninso nthawi yomwe injini imalira galimoto itaima, masiku omwe mwakoka ngolo, ndi anthu angati amakwera.

Chifukwa chake ndi ichi. Bungwe la boma la EPA, lomwe limayeza kamwedwe ka mafuta, linapatsa F-150 PowerBoost ya 4x4 ya 2021 mamailosi 24 pa galoni m'tauni ndi 24 pa msewu waukulu. Inzake ya petulo yekha ya malita 3.5 inali pafupifupi 18 m'tauni ndi 23 pa msewu waukulu. Taonani bwino manambalawa. M'tauni kusiyana n'kwakukulu, mamailosi asanu ndi limodzi. Pa msewu waukulu ndi mailo imodzi yokha. Hybrid imakolola pa buleki, ndiye pomwe simukuponda buleki ilibe chokolola. Munthu wokhala ku South Bend yemwe amathamanga pa msewu waukulu wa Toll Road kupita ku Chicago katatu pa sabata akungonyamula batire ndi mota ngati katundu. Koma munthu wozungulira m'ma Mishawaka ndi Elkhart, nyumba iyi nyumba iyo, kuima kakhumi pa ola, ameneyo hybrid imamugwirira ntchito.

Pa Tundra kusiyana n'kochepa kuposa apo. Ya mawilo awiri okoka inapatsidwa 20 pophatikiza tauni ndi msewu waukulu, ya hybrid 22. Pa 4x4 ndi mailo imodzi kapena awiri. Toyota sanabise kuti yawo anaipangira mphamvu.

Musaiwale chisanu. Kuno kumpoto, kuyambira December mpaka March, kutentha kwa m'galimoto kumachokera ku injini, choncho kompyuta siilola injini kuzima kawirikawiri. Batire lozizira nalonso limachita ulesi. Miyezi imeneyi hybrid imamwa pafupifupi ngati inzake. A ku Texas ndi ku Georgia vuto ili n'lochepa.

4. Werengani ndalama ndi pensulo yanu

Wogulitsa amakonda kukamba za ndalama ya pamwezi. Inu kambani za mtengo wonse. Funsani mtengo wa mathiraki awiri ofanana chilichonse, kusiyana injini yokha, ndipo lembani kusiyana kwake.

Tiyerekeze kuti mumayenda mamailosi 15,000 pachaka. Pa 20 mpg mugula magaloni 750. Pa 23 mpg mugula magaloni 652. Mwapulumutsa magaloni 98. Tiyerekeze kuti galoni ili pa $3.30, ndiye kuti ndi $323 pachaka. Ngati hybrid yakwera ndi $3,000, padutsa zaka zoposa zisanu ndi zinayi kuti ndalama yanu ibwerere, ndipo apo sitinawerenge chiwongoladzanja, poti $3,000 imeneyo ilowa mu ngongole. Ikani manambala anu a mu kope lija m'malo mwa angawa. Woyenda m'tauni kwambiri apeza zaka zinayi kapena zisanu. Wa msewu waukulu apeza kuti thiraki idzakalamba ndalama isanabwerere.

Pali msampha wina womwe ambiri sauona. Hybrid siipezeka pa thiraki iliyonse. PowerBoost imabwera ndi kabati yaikulu ya zitseko zinayi yomwe Ford amaitcha SuperCrew. Pa Tundra, hybrid imayambira pa mtundu wa Limited kupita m'mwamba, mulibe mu SR kapena SR5 zomwe ndi za anthu ogwira ntchito. Ndiye munthu analowa kufuna thiraki wamba, n'kutuluka ndi mipando yachikopa ndi ngongole ya zaka zisanu ndi ziwiri, akudziuza kuti apulumutsa mafuta. Kusiyana kwenikweni kwa mtengo ndi pakati pa thiraki yomwe mukanagula ndi yomwe mwagula.

Ngati cholinga chanu ndi mafuta okha basi, yang'anani injini yaing'ono ya Ford ya malita 2.7, ya mahosipawa 325. Imafika mamailosi 20 mpaka 22 pa galoni, mtengo wake ndi wotsika, ndipo ngolo ya makina otchetchera udzu imakoka osadandaula. Kwa abale ambiri omwe amandifunsa, yankho loona limakhala imeneyi, ngakhale siimveka mokoma pouza anthu. Wa maulendo ataliatali aganizirenso dizilo ya malita 3.0 ya Chevrolet ndi GMC, yomwe pa msewu waukulu imadutsa mamailosi 25 pa galoni, kungoti dizilo kuno nthawi zambiri ndi wodula kuposa petulo, ndipo pamafunikanso madzi aja a DEF otsukira utsi.

5. Tsegulani chitseko cha dalaivala, werengani chomata chachikasu

Apa ndipo ndikhalitse, chifukwa ndi pomwe anthu amapwetekera ndalama, nthawi zina ndi moyo womwe, ndipo otsatsa malonda sakambapo.

Thiraki ili ndi manambala awiri. Yoyamba ndi towing capacity, kulemera kwa ngolo yomwe ingakoke. Imeneyi ndi yomwe amailemba ndi zilembo zikuluzikulu. Yachiwiri ndi payload, kulemera konse komwe thiraki ingasenze pamsana pake: inu, okwera nawo, zida, katundu wa kumbuyo, chivundikiro cha bodi, ndi kulemera komwe ngolo imatsamira pa chokokera. Nambala yachiwiriyi ndi imene imatha msanga.

Mota, batire, zingwe ndi zoziziritsira zake zimalemera mapaundi mazana angapo. Malire a kulemera kwa thiraki yonse, omwe amawatcha GVWR, sakwera mofanana ndi kulemerako. Ndiye chomwe batire latenga, achichotsa pa katundu wanu. N'chifukwa chake hybrid, ngakhale ili ndi mphamvu zambiri, pa pepala imakoka zochepa. Mu 2021, F-150 ya petulo ya malita 3.5 inkafika mapaundi 14,000, PowerBoost 12,700. Tundra ya 2022 ya petulo 12,000, ya hybrid 11,450. Ndipo manambala amenewa ndi a thiraki yosankhidwa mwapadera, yopanda zokongoletsa. Yomwe yaima pabwalo la ogulitsa, ya denga lagalasi ndi mawilo akuluakulu, ili ndi nambala yakeyake yotsika.

Nambala imeneyo muipeza potsegula chitseko cha dalaivala. Pa chipilala pomwe chitseko chimatsekera pali kachomata ka chikasu ndi zoyera, kolembedwa za mpweya wa matayala. Pamwamba pake pali mzere wonena kuti anthu ndi katundu pamodzi asapitirire makilogalamu akuti kapena mapaundi akuti. Imeneyo ndiye payload ya thiraki imeneyo, osati ya inzake yomwe yaima pambali. Ijambuleni pafoni. Chitani chimodzimodzi pa ya petulo. Ndaonapo mathiraki okongola a hybrid omwe chomata chake chimanena mapaundi 1,300 kapena 1,400, pomwe thiraki wamba ya petulo, ya mipando yansalu, ikunena 1,900.

Tsopano werengani. Ngolo yokokedwa bwino imatsamira pa chokokera ndi gawo la 10 mpaka 15 pa 100 la kulemera kwake. Amakutcha tongue weight, kunena kulemera kwa lilime la ngolo. Tiyerekeze ngolo ya mapaundi 7,000 itadzaza. Pa 12 pa 100, lilime likulemera 840. Anthu akuluakulu anayi a mapaundi 180 aliyense ndi 720. Pamodzi 1,560. Simunaike bokosi la zida, makwerero, chokokera chenichenicho, kapena thumba la ufa la amayi. Ngati chomata chikuti 1,400, mwadutsa kale malire, ngakhale kabuku kakuti thirakiyo imakoka 11,000.

Ndinaziona ndi maso anga chilimwe china. Mphwanga wina, mnyamata wolimbikira ntchito, anagula thiraki ya hybrid yonyezimira, nandiitana kuti ndidzaone. Sabata yotsatira anakoka ngolo ya matailosi ndi matumba a simenti, anyamata atatu ali m'kati. Nditaiona ikulowa pa malo antchito, kumbuyo kunali kutakhala pansi, mphuno ili m'mwamba, nyali zikuloza nthambi za mitengo. Matayala akumbuyo anali atafutukuka m'mbali ngati mkate wosapsa. Atatsika anandiuza kuti pa msewu waukulu chiwongolero chimamveka chopepuka, ndipo lole ikamudutsa ngolo imagwedeza mchira. Injini sinadandaule ngakhale pang'ono, ndipo vuto lake ndi limenelo: mphamvu ya hybrid imakunamizani kuti zonse zili bwino, pomwe masipuling'i, matayala ndi mabuleki zafika pamapeto. Tinatsegula chitseko, tinawerenga chomata, tinawerengera limodzi pa katoni ya matailosi. Anali atadutsa ndi mapaundi oposa 400. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuyambira tsiku limenelo amayenda maulendo awiri pa katundu yemwe akanatenga kamodzi.

Ngati muli kale ndi ngolo, musaganizire kulemera kwake. Idzazeni monga mumachitira pa tsiku la ntchito, pitani pa sikelo ya malole, zija za CAT Scale zomwe zimapezeka pa malo omwetsera mafuta a malole, mulipire ndalama yochepa, akupatseni pepala la kulemera kwa ekisero iliyonse. Yezani muli ndi ngolo, yezaninso mutaimasula. Mukachotsera mupeza kulemera kwa lilime ndi kwa ngolo. Pepala limenelo mupite nalo kwa ogulitsa.

Ndipo dziwani kuti pokoka ngolo yolemera pa msewu waukulu, kabatire kaja kamatha pa chitunda choyamba, n'kutsala injini ya V6 ndi matebo ake ikugwira ntchito yokha. Mafuta amatsika kufika mamailosi 9 mpaka 12 pa galoni, kaya ndi hybrid kaya ndi ya petulo. Amene amakoka katundu wolemera masiku ambiri pa sabata, ine ndimamuuza mosazungulira: tengani ya petulo, ya payload yaikulu. Ngati masamu akukanabe, ndiye kuti mukufunika thiraki ya gulu lapamwamba, F-250 ya Ford kapena 2500 ya Chevrolet, GMC kapena Ram, osati injini ina.

6. Dzifunseni ngati mukufuna magetsi

Tsopano ndinene chomwe chimandichititsa kuikonda hybrid ya Ford, pakuti ndimaikondadi. Kumbuyo mu bodi muli masoketi. Amazitcha Pro Power Onboard. PowerBoost imabwera ndi 2.4 kW, ndipo mukhoza kusankha ya 7.2 kW, yomwe ili ndi masoketi anayi a mavoti 120 ndi imodzi ya mavoti 240. Pamalo pomwe nyumba ilibe magetsi, mumalumikiza macheka, kompuresa ya misomali, matchaja a mabatire, zonse nthawi imodzi. Injini imalira pang'ono kudzaza batire, n'kuzima, n'kudzaliranso. Amene anakhalapo tsiku lonse pafupi ndi jenereta yolira ngati chigayo, kuikweza ndi kuitsitsa m'mawa ndi madzulo, kuimanga ndi tcheni kuopa akuba, adziwa chomwe ndikunena. Mu February 2021, chisanu choopsa chitazimitsa magetsi ku Texas, anthu ena anayatsa mafiriji ndi zotenthetsera m'nyumba ndi mathiraki amenewa.

Ngati ntchito yanu imafuna jenereta, bwererani ku masamu a pa nambala 4 ndipo muchotsepo mtengo wa jenereta yabwino ya mphamvu imeneyo. Mukatero hybrid imayamba kuoneka yotchipa. Ichi ndiye chifukwa chenicheni chogulira PowerBoost, kuposa mafuta. Koma onetsetsani pa pepala la pazenera kuti ndi ya 7.2, chifukwa si zonse. F-150 za petulo zina zili ndi ya 2.0 kW, yomwe imakwana zida zing'onozing'ono. Soketi ya Tundra ndi ya mawati 400, yotchajira laputopu ndi mabatire a zida, osati yoyendetsera macheka aakulu.

Machenjezo awiri, ndipo ndikupemphani muwamvere. Musalumikize thiraki ku soketi ya pakhoma la nyumba kuti magetsi alowe chobwerera. Mukhoza kupha munthu yemwe akukonza mawaya panja. Itanani wamagetsi wovomerezeka aike transfer switch, chosinthira chomwe chimadula nyumba ku mawaya a kampani. Chachiwiri, musaisiye ikupanga magetsi m'galaja yotseka. Poti imakhala chete, munthu amaiwala kuti injini idzadzuka yokha, ndipo mpweya wakupha womwe uli mu utsi wake ulibe fungo lochenjeza.

7. Yogwiritsidwa kale ntchito: funsani za chitsimikizo ndi makaniko

Ambiri a ife timagula yakale, ndipo palibe cholakwika. Ford amatsimikizira zida za hybrid kwa zaka 8 kapena mamailosi 100,000. Toyota amatsimikizira batire la hybrid kwa zaka 10 kapena mamailosi 150,000. Onani kuti zatsala zingati, pakuti zikatha, chilichonse cha mbali ya magetsi chili pa thumba lanu. Walira mvula walira matope: hybrid ili ndi zonse zomwe ya petulo ili nazo, matebo awiri, giyabokosi ya magiya 10, kuonjezapo mota, batire ndi makompyuta ake. Mbali yabwino ndi yoti mabuleki amakhalitsa, poti mota ndiyo imagwira gawo la ntchito yoimitsa.

Tengani nambala ya VIN, ya zilembo ndi manambala 17 yomwe imaoneka pansi pa galasi lakutsogolo, muilowetse pa tsamba la NHTSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha magalimoto, kuti muone ngati pali zomwe opanga anaitanitsa kuti akonze. Musaganize kuti mavuto ali ku hybrid kokha. Mu 2024 Toyota anaitanitsa magalimoto pafupifupi 102,000, Tundra za petulo ndi Lexus LX za 2022 ndi 2023, chifukwa cha tizitsulo totsalira m'kati mwa injini popanga. Ngati mukugula ya zaka zimenezo, funsani pepala losonyeza kuti ntchitoyo inachitika.

Pa thiraki yomwe inali ya kontirakitala, onani maola a injini pa dashibodi, osati mamailosi okha. Thiraki yomwe yakhala ikugwira ntchito ya jenereta ili ndi mamailosi ochepa koma injini yatumikira kwambiri, ndipo oyilo amayenera kusinthidwa motsatira maolawo.

Mufunseni makaniko wanu ngati amagwira hybrid, ndipo ngati ali ndi kompyuta yowerengera batire lake. Kwa inu okonda kudzikonzera Loweruka, oyilo ndi mafyuluta sinthani, koma zingwe za mtundu wa lalanje musakhudze. Mmenemo mumadutsa mavoti mazana, okwanira kupha. Kumbukiraninso kuti kabatire wamba ka mavoti 12 kalipobe, ndipo kakafa thiraki siidzuka ngakhale batire lalikulu litadzaza.

8. Ngati maganizo ndi odzaitumiza kumudzi

Funso ili limabwera pamapeto, munthu atatsitsa mawu. Ndikumvetsa, aliyense amafuna kudzafika kwawo ndi chinthu chooneka. Koma mathiraki awa chiwongolero chili kumanzere, ndipo kwathu timayenda kumanzere kwa msewu. Pa M1, muli kumbuyo kwa lole, kuti muone kutsogolo muyenera kutulutsa thiraki yonse mu njira ya obwera. Amakaniko a ku Biwi ndi ku Ndirande Hilux amaidziwa ngati chikhatho chawo, Aqua anaiphunzira, koma sipeya ya PowerBoost idzachokera kuno, pa ndege, thiraki ili pa mawe. Msonkho wa pa kasitomu umayang'ananso kukula kwa injini. Masoketi aja nawonso ndi a magetsi a ku America, a 60 Hz, pomwe kwathu ndi mavoti 230 pa 50 Hz, choncho si chida chilichonse cha kumudzi chomwe chingagwire bwino. Ya kuno igwire ntchito kuno. Ya kumudzi gulani ya chiwongolero cha kumanja, monga Hilux yopangidwa ku Durban kapena Ranger ya ku Pretoria.

9. Yendetsani zonse ziwiri tsiku limodzi, njira imodzi

Musavomere kuzungulira kamodzi kumbuyo kwa sitolo. Sankhani njira yofanana ndi ya mu kope lanu, ya maloboti ndi ya msewu waukulu, mamailosi osachepera 15. Fufutani nambala ya mafuta pa dashibodi musananyamuke, muilembe pobwera. Zimitsani wailesi. Mvetserani pomwe injini ikuzima ndi kudzuka pa liwiro lochepa, chifukwa ena kakugwedeza kameneko sakakonda, ndipo mudzakhala nako zaka. Pondani buleki pang'onopang'ono pofika pa maloboti, mumve ngati phazi likugwirizana nayo. Kwezani mpando wakumbuyo muone malo otsala. Bwererani m'mbuyo polowa pamalo oimikapo.

Mukatsika, ikani patebulo zinthu zinayi: kope la masabata awiri, masamu a mafuta, zithunzi za zomata ziwiri, ndi pepala la pa sikelo. Woyenda m'tauni, wa ngolo yopepuka, wofuna magetsi pantchito, atenge PowerBoost ya 7.2 kW. Wofuna Tundra chifukwa amakhulupirira Toyota, atenge hybrid pokhapokha ngati akufuna mphamvuyo ndipo mtundu wa Limited anali ataufuna kale. Wokoka zolemera, wa msewu waukulu, kapena amene ndalama ili yothina, atenge ya petulo yomwe chomata chake chili ndi nambala yoposa katundu wake ndi mapaundi osachepera 200.

Wogulitsa akakuuzani kuti mtengowo ndi wa lero lokha, mupempheni alembe mtengo wonse papepala, wophatikiza msonkho ndi zolipira zina zonse, womwe kuno amautcha out-the-door price. Pindani pepalalo, pitani nalo kunyumba, mukagone. M'mawa muimbire a inshuwalansi, muwapatse VIN ya thiraki iliyonse mwa ziwirizo kuti akuuzeni mtengo wa pachaka, muuwonjezere pa masamu aja, kenako mubwerere kukasaina.